Momwe ndinapezera chiphaso chobwereketsa mabwato ndi makayaki

Nditagula makayaki (timabwato tating'ono topyapyala topalasa ndi nkhafi ya mbali ziwiri) 6 ndi mabwato 2 oti ndizibwereketsa kwa anthu ofuna kupalasa mongosangalala, ndinkaganiza kuti woyendera mabwato wochokera kwa opereka chiphaso akadzaona kuti palibe lobooka, nkhani yatha. Ndinapaka mafuta makayakiwo mpaka kunyezimira, koma tsiku loyendera litafika, kuwalako sanakuyang'ane n'komwe.

Ntchito inayambira pa mapepala. Fomu inafuna kuti ndilembe bwato lililonse palokha, kutalika kwake, chiwerengero cha anthu amene limanyamula, ndi nambala imene opanga amaidinda kumbuyo kwake. Nambala ya kayaki imodzi inali itafufutika chifukwa chokhulidwa ndi mchenga, moti ndinaiwerenga poikapo pepala n'kukhwekhwereza pensulo pamwamba. Ndinaphatikizanso kalata ya inshuwalansi yoteteza obwereka komanso chojambula cha malire a madzi amene ndidzawalole kufikako.

Woyenderayo anatembenuza kayaki iliyonse n'kumadina pansi pake ndi chala chachikulu, popeza pulasitiki ya polyethylene imene amapangira makayakiwa ikakhalitsa padzuwa imauma n'kuyamba kuchita ming'alu yosaoneka msanga. Anakoka zogwirira za kutsogolo ndi kumbuyo mwamphamvu, anamasula chitsekero cha bowo lotayira madzi kuti aone labala wake, ndipo anapindapinda nkhafi. Kenako tinadzaza bwato limodzi madzi mpaka m'milomo kuti tione ngati lingayandamebe. Linayandama, chifukwa zipinda zake za mpweya zinali zosadontha.

Pamene ndinagwa ndi pa majekete oyandamitsa. Ndinali nawo okwanira, munthu aliyense lake, koma ndinali ndisanawerengepo zolembedwa mkati mwake. Majekete otsata muyezo wapadziko lonse wa ISO 12402 amagawidwa malinga ndi mphamvu yake yoyandamitsa, ndipo magulu ake ndi 50, 100, 150 ndi 275. La gulu la 50 ndi lopepuka ndipo silisokoneza manja popalasa, n'chifukwa chake opalasa amalikonda, koma linapangidwira munthu wodziwa kusambira amene ali pafupi ndi thandizo, ndipo silitembenuza munthu wokomoka kuti nkhope iyang'ane kumwamba. Onse amene ndinagula anali a gulu limeneli, chonsecho ambiri mwa odzabwereka ndi anthu oti sanapalasepo, ena osadziwa n'kusambira komwe. Atatu anali ndi siponji yophwatalala chifukwa amene anandigulitsa ankawakhalira ngati mitsamiro, ndipo panalibe ngakhale limodzi la mwana. Jekete la mwana liyenera kugwirizana ndi kulemera kwa thupi lake ndiponso kukhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, apo ayi limavuka chodzera kumutu mwanayo akangogwera m'madzi.

Kunena zoona, tsiku limenelo ndinaona ngati akungondikhwimitsira zinthu. Maganizowo anasintha nditavala limodzi mwa majekete atatu aja n'kulowa m'madzi ofika m'khosi: chibwano changa chinkangomira.

Ndinapatsidwa nthawi yokonza zolakwikazo. Ndinagula majekete a gulu la 100 a osadziwa kusambira ndi a ana, ndinamangirira wenzulo pa lililonse, ndipo atatu aja ndinawadula malamba kuti wina asadzawatole n'kuwagwiritsanso ntchito. Ndinatsegulanso kaundula wolembamo dzina la wobwereka, nambala ya bwato, nthawi yonyamuka ndi nthawi yoyembekezeka kubwera, chifukwa funso la woyendera loti ndingadziwe bwanji kuti wina sanabwerere linandisowetsa yankho.

Ulendo wachiwiri woyenderayo sanachedwe ndi mabwato. Anandiuza kuti ndimulangize ngati mlendo wongofika kumene, ndipo ndinamumanga jekete, n'kulikoka m'mapewa kuti ndione ngati silikukwera kufika m'makutu, kenako ndinamufotokozera kuti bwato likagubuduzika asalisiye, koma aligwiritsitse n'kuimba wenzulo. Anafunsanso kuti mphepo ikakula ndimasiya liti kubwereketsa, ndiponso ndi bwato liti limene limatsala pagombe lokapulumutsira anthu. Chiphaso chinatuluka chitalembedwa nambala za mabwato onse 8 ndi tsiku lodzayenderanso, ndipo ndinauzidwa kuti ndikagula lina lisalowe m'madzi ndi wobwereka lisanaonedwe.