Kabowo kochepa ngati nsonga ya singano kandidyera masiku asanu

Usiku wa dzulo ndi pamene mizere iwiri ya pa galafu yoonetsa mphamvu ya mawu a IEM yanga (chomvera cholowetsa m'kati mwa khutu), wa kumanja ndi wa kumanzere, inagonerana bwinobwino kuyambira pa 20 Hz mpaka pa 8 kHz, ndipo ndinakhala nthawi yaitali ndikungoiyang'ana ndisanazimitse kompyuta. Kwa masiku asanu mizere imeneyi yakhala ikusemphana, ine ndikufufuza vuto ku mbali imene kunalibe vuto. IEM imene ndikunenayi ndi ya driver (kasipika ka m'kati) imodzi ya mtundu wa dynamic, ndinaigula chaka chatha, ndipo sinditchula dzina lake chifukwa cholakwikacho sichinachokere kwa amene anaipanga.

Nkhaniyi inayambira m'makutu, osati pa makina oyezera. Pali nyimbo ina ya kwaya yokhala ndi ng'oma yaikulu ndi gitala ya besi imene ndimayesera chomvera chilichonse chatsopano, chifukwa ndimadziwa pamene mawu aliwonse amakhala. Tsiku limenelo woyimba wotsogolera anali pakati monga mwa masiku onse, koma ng'oma ndi besi zinali zitapendekera ku dzanja lamanja. Popeza ndinali nditangochira chimfine, ndinakayikira khutu langa, choncho ndinavala mahedifoni a Sennheiser HD 600 ndi kubwereza gawo lomwelo katatu. Ng'oma inabwerera pakati. Khutu linali bwino, ndipo ndinatulutsa coupler, kachipangizo kokhala ndi maikolofoni kotsanzira ngalande ya khutu, koyezera ma IEM.

Coupler yanga ndi yotsika mtengo ija yotengera muyezo wa IEC 60318-4, imene ambirife timangoitchula kuti 711. Sindiidalira pa manambala enieni, makamaka kupitirira 10 kHz kumene ngakhale muyezo weniweniwo sulonjeza kuti ukufanana ndi khutu la munthu, koma poyerekeza mbali ya kumanja ndi ya kumanzere pa chipangizo chimodzi, tsiku limodzi, ndi yokhulupirika ndithu. Ndinayendetsa sweep, mawu oyambira pansi kukwera mpaka pamwamba, mu pulogalamu yoyezera mawu ya REW, ndinalowetsa mbali iliyonse mpaka nsonga ya resonance, malo okwera a mzere amene amasuntha kutengera kuya kwa malowedwe, itafika pa 8 kHz, ndipo ndinalumikiza mizere pa 1 kHz. Kuchokera pa 300 Hz kukwera, mizereyo inali ngati umodzi. Kutsika pansi pa 200 Hz inayamba kutalikirana, ndipo pofika pa 50 Hz kusiyana kwake kunali pafupifupi 4 dB. M'kope langa ndinalemba kuti mbali ya kumanzere yataya besi, ndipo chiganizo chimenechi ndicho chinandisocheretsa masiku onse otsatira.

Ndikaganiza bwino tsopano, ndikuona zinthu ziwiri zimene zinandilembetsa zimenezo ndisanafufuze. Choyamba n'chakuti aliyense amene anayezapo IEM amadziwa kuti besi ikasowa, choyamba kukayikira ndi mpweya umene ukutuluka pamene kamphira ka kunsonga sikanatseke bwino, ndipo izi zimachitika kawirikawiri moti munthu amaiwala kuti besi ingathenso kuchuluka. Chachiwiri ndi chizolowezi cha maso. Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuyang'ana ma galafu oikidwa pamwamba pa mzere wa Harman, wosonyeza kamvekedwe kamene chomvera chiyenera kukhala nako, umene ofufuza Sean Olive ndi Todd Welti anaupeza pofunsa omvera ambiri zimene amakonda, ndipo mzere wa ma IEM wa 2019 umakweza besi kwambiri pansi pa 200 Hz. Maso anga ataona mizere iwiri, unali wapamwambawo umene unafanana ndi chimene anazolowera, ndiye ndinauyesa wolondola. Khutu nalonso linavomereza, poti mbali yodzaza besi imamveka yonenepa ndi yokoma ukaimvera payokha.

Tsiku loyamba ndi lachiwiri ndinathera pa timphira ta kunsonga. Ndinayesa tonse timene tinabwera m'bokosi, tating'ono, tapakati ndi tatikulu, kenako ta SpinFit, kenako ta thovu ta Comply timene timatseka ngakhale pamene tina talephera. Ndinamata m'mphepete mwa coupler ndi phala lomatira mapepala pakhoma kuti pasatsale mpata uliwonse. Ndinayeza mbali ya kumanzere maulendo oposa 30, ndipo ulendo uliwonse mzere wa besi unkabwera pamalo pomwepo. Chimenechi chinayenera kundidzutsa, chifukwa mpweya ukamatuluka mwangozi sutuluka mofanana kawiri: lero besi imatsika pang'ono, mawa imatsika kwambiri, kutengera mmene walowetsera. Kusasintha kwa mzerewo kunali kukundiuza kuti mbali imeneyi ili bwino, koma ine ndinakuwerenga ngati umboni wakuti m'kati mwa chigoba muli mng'alu wosaoneka. Chimene chinkasuntha chinali nsonga ya resonance yokha, imene imakwera ukalowetsa kwambiri ndi kutsika ukatulutsako pang'ono, ndipo ndinataya madzulo athunthu ndikuilondola ngati kuti ili ndi mbali pa nkhani ya besi.

Tsiku lachitatu ndinatembenukira ku magetsi. Pano ndiyenera kufotokoza chifukwa chake ndimafulumira kukayikira chokuzira mawu. Zaka zingapo zapitazo ndinkamvera HD 600 pa chokuzira mawu chakale cha m'nyumba, cha mtundu uja umene potulukira mahedifoni pamakhala resistor (kachipangizo kokaniza magetsi) yaikulu, ndipo ndinkadabwa kuti bwanji mahedifoni amene aliyense amati ndi osakondera akumveka otupa m'munsi. HD 600 imalembedwa kuti ndi ya ma ohm 300, koma impedance yake, ndiko kuti mlingo umene imakaniza magetsi, imakwera kwambiri cha ku ma 100 Hz, ndiye ikakumana ndi potulukira pa impedance yaikulu, dera limenelo limalandira mphamvu yochuluka kuposa ena. Nditaphunzira zimenezi ndinayamba kutsatira lamulo lakuti impedance ya potulukira isapitirire gawo limodzi mwa magawo 8 a impedance ya chomvera, ndipo kuyambira pamenepo poyeza ndimagwiritsa ntchito ka dongle ka Apple ka USB-C, kolumikizira chomvera ku kompyuta, kamene impedance yake ndi yochepera ohm imodzi. Opanga ena amagwiritsa ntchito khalidwe lomweli mwadala: IEM ya Truthear Zero: Red imabwera ndi kolumikizira ka ma ohm 10 kowonjezera besi. Zonsezi zinali m'mutu mwanga, kotero ndinaganiza kuti mwina waya wa mbali imodzi wachita dzimbiri ndipo ukuchita ngati resistor. Ndinayeza waya ndi mita, mbali zonse zinafanana. Ndinasinthanitsa zigoba, cha kumanzere pa waya wa kumanja, ndipo kusiyana kunatsata chigoba, sikunatsate waya. Ndinaika waya wina, ndinasintha dongle, ndinayesa kompyuta ina, osaona kusintha kulikonse.

Chimene chinatembenuza zinthu chinabwera tsiku lachinayi, ndipo sichinali nzeru zanga. Mnzanga wina amene tinaitanitsira limodzi ma IEM amenewa, pofuna kugawana mtengo wotumizira, anabwera ndi yake kuti tiyerekeze. Tinayeza mbali zake zonse ziwiri pa coupler yomweyo ndi timphira tomweto. Mizere yake iwiri inagonerana, ndipo titaika yanga pamwamba pake, inagwirizana ndi mbali yanga ya kumanzere, ija ndinkaiyesa yodwala. Mzere wanga wa kumanja ndi umene unali wokha pamwamba. Besi sinatayike kwina kulikonse, koma mbali imodzi inali itaonjezera yake.

Apa ndi pamene ndinakumbukira chizindikiro chimene ndakhala ndikuchinyalanyaza kwa milungu ingapo. Ndikamalowetsa mbali ya kumanja m'khutu, inkamveka kuti khirikiti, ngati pepala lopyapyala likupindidwa, ndipo khutu linkamva kukanikizidwa ngati mmene limachitira galimoto ikamatsika mtsetse wautali. Chimenechi chimatchedwa driver flex, ndiko kupindika kwa driver chifukwa cha mpweya wopanikizika. Ma IEM ambiri a dynamic ali ndi kabowo kopumira pafupi ndi tsinde la nozzle, kampopi kolowa m'khutu, kutsogolo kwa driver, ndipo ntchito yake ndi yotulutsa mpweya wopanikizika pamene ukulowetsa, komanso kutayako pang'ono mphamvu ya mawu akuya kwambiri kuti besi ikhale pa mlingo umene opanga anafuna. Kabowo kameneka kakatsekeka, mpweya wa pakati pa driver ndi mwinikhutu umasowa kothawira, besi ya m'munsi imakwera, ndipo driver imapindika ukamakankha. Anthu ena amamata tepi pa kabowoka mwadala kuti aonjezere besi. Ine ndinali nditachita zomwezo mbali imodzi osadziwa.

Ndi maso okha sindinathe kuona kanthu, chifukwa kabowoko n'kochepa kwambiri ndipo chigoba chake n'chakuda. Ndinapita nayo kwa bambo wina wokonza mawotchi ku Limbe, amene wakhala akundithandiza pa tinthu tating'onoting'ono kuyambira pamene ndinkasintha timapini ta waya wina wakale. Ndimamulemekeza kwambiri chifukwa sakhudza chinthu asanachimvetse, ndipo zida zake n'zosalala kuposa zilizonse zimene ndingaitanitse pa intaneti n'kudikira milungu isanu ndi umodzi. Anaika galasi lake pa diso, nayang'ana zigoba zonse ziwiri mosinthanasinthana, kenako anati, "Achimwene, aka n'kotseguka, koma aka kamatidwa. Mukufuna ndikatsegule kapena mukachita nokha?" Ndinati, "Bambo, dzanja lanu ndi lokhazikika kuposa langa, koma chonde musalowetse kwambiri, m'katimo muli kansalu kopyapyala." Anatenga kawaya kochepa kuposa singano, nakokera kunja litsirolo pang'onopang'ono m'malo molikankhira m'kati. Chinatuluka chinali kanthu kofiirira, kosakanikirana fumbi, thukuta ndi phula la m'khutu, kouma gwaa.

Chifukwa chimene kanatsekekera mbali imodzi yokha ndikuchidziwa. Mwezi uno wa Okutobala kukutentha ndipo fumbi lili ponseponse, ndipo ndikakhala mu minibasi kapena pa mzere wa ku banki, mbali ya kumanja ndi imene ndimaichotsa ndikafuna kuyankha munthu, n'kuigwira m'zala za thukuta, n'kuibwezera. Chala chachikulu chimagwera pa kabowo pomwepo.

Nditafika kunyumba sindinakhutire ndi kuona mizere itagonerana, ndinafuna kulibweza vutolo ndi manja anga kuti nditsimikize kuti ndalimvetsa. Ndinamata kachidutswa ka tepi pa kabowo ka kumanzere, ndipo mzere wake unakwera m'dera lomwelo, ndi mlingo woyandikana ndi uja. Nditachotsa tepi unatsika. Kenako ndinamata mbali zonse ziwiri ndi kumvera kwa ola lathunthu, nditaonetsetsa kuti mphamvu ya mawu pa 1 kHz ndi yofanana ndi ya poyamba, poti chomveka mokwezeka pang'ono chimanyenga khutu kuti n'chabwino. Ndinene zoona: pa nyimbo zina besi yowonjezerayo ndinaikonda. Ine ndimamvera motsitsa, chifukwa ndimayesetsa kusapitirira malire a bungwe la WHO a 80 dB kwa maola 40 pa sabata, ndipo kuyambira pa kafukufuku wa Fletcher ndi Munson wa mu 1933 zimadziwika kuti voliyumu ikatsika khutu limayamba kutaya mawu akuya. N'chifukwa chake ng'oma inamveka yamoyo. Koma pa nyimbo ya kwaya ija, mawu a amuna oyimba besi anayamba kuphimbika ndi gitala, ndipo mpweya umene umamveka pakati pa mizere ya oyimba unachepa. Kukanikizika kwa m'khutu nakonso kunanditopetsa ola lisanathe. Ndachotsa tepi, ndipo m'malo mwake mu pulogalamu yosinthira mawu ya Equalizer APO ndaika low shelf, yokweza mawu akuya, ya 2 dB pa 105 Hz, imene ndimaiyatsa usiku ndikamamvera motsitsa kwambiri. Ikundipatsa gawo la kukomako popanda kupinda driver.

Chinthu chimodzi chimene chikundivutitsabe n'chakuti ndilibe muyezo wa IEM imeneyi wa tsiku limene inafika, chifukwa nthawi imeneyo coupler inali isanabwere. Ndikanakhala nawo, nkhani yonseyi ikanatha m'mphindi khumi. Choncho sabata ino ndiyamba kuyeza chomvera chilichonse chimene ndili nacho, mbali iliyonse katatu, ndi kusunga mafayilo a REW okhala ndi tsiku ndi mtundu wa timphira, kuti pakatha miyezi itatu ndidzabwereze ndione mmene fumbi ndi chinyezi cha nthawi ya mvula zimasinthira zinthu. Ndikufunanso kuyeza HD 600 ndi mapadi akale ophwatalala ndi mapadi atsopano, koma coupler yokha siingathe popanda khutu lakunja, ndiye ndikulingalira zoumba khutu la silikoni kuchokera pa khutu langa ndi kulimangirira pa thabwa. Mnzanga uja akuti tisonkhanitse anthu khumi kapena kuposerapo, tiwamvetsere milingo yosiyanasiyana ya besi mu pulogalamu yoseweretsa nyimbo ya foobar2000 osawauza kuti uwu ndi uti, pa nyimbo zathu zimene ng'oma imatsogolera, kuti tione ngati zokonda zawo zingagwere pafupi ndi mzere wa Harman kapena kutali nawo. Tikufunika chipinda chachete, ma IEM awiri ofanana amene tsopano tili nawo, ndi timphira tokwanira kuti aliyense akhale ndi take.