Zikomo kwa nonse amene munatithandiza kutsegulanso bistro yathu

Amayi, abambo ndi abale athu a kuno ku Cape Town, ife a kukhitchini ya bistro yaing'ono ija ya pakona, malo odyera zakudya zachifalansa, tikuti zikomo kwambiri. Tatsegulanso patapita masabata 6 chichitikireni ngozi ya moto.

Motowo unayambira m'paipi yotulutsira utsi, osati pachitofu. Utsi wa nyama yokazinga umanyamula mafuta, ndipo mafutawo amakaundana m'kati mwa paipi, komwe dzanja lotsuka masefa silifika. Lawi limodzi likangokwera kuchokera pachiwaya, paipi yonse imayaka. Abale amene mumagwira ntchito m'makhitchini, muzifunsa mabwana anu kuti paipiyo inapalidwa liti. Mafuta akayaka m'chiwaya musathirepo madzi, chifukwa madzi amamira pansi, n'kusanduka nthunzi yomwe imamwaza mafuta oyakawo. Tsekani gasi, vundikirani chiwaya. Kwa achimwene ndi achemwali amene munabwera tsiku lanu lopuma kudzapala mwaye m'makoma, Mulungu akubwezereni.

Bambo a kubutchala, inu tikuthokozeni mwapadera potisungira mafupa a ng'ombe sabata yotsegulira. Ambiri amene amadya pa bistro sadziwa kuti pafupifupi mbale iliyonse imayambira pa msuzi wa mafupa. Makilo 5 a mafupa amaotchedwa mu uvuni pa 200°C kwa mphindi 45 mpaka atafiira, kenako amaikidwa m'poto wamkulu pamodzi ndi anyezi, karoti ndi selari, n'kuthira madzi ozizira. Poto amakhala pamoto wochepa maola 8, wophika akuyengula thovu. Akabwadamuka, mafuta amasakanikirana ndi madzi, msuzi umachita mbuu ndipo umamveka mafuta okhaokha pakamwa. Mchere sitithira, poti msuziwo umadzaphwetsedwanso pokonza sosi, ndiye ungawawe. Ndi chifukwa chake sitinatsegule tsiku lomwe gasi analumikizidwa: msuzi unali usanakhaleko.

Makasitomala amene munkafunsa kuti soupe à l'oignon, supu ya anyezi ija, ibwerera liti, yabwerera, ndipo zikomo podikira. Supu imeneyi safuna phuma. Kilo imodzi ya anyezi woduladula mopyapyala imakazingidwa m'magalamu 50 a batala kwa mphindi 45 kapena ola lathunthu, pamoto wapansi, mpaka anyeziyo atafewa n'kuda ngati shuga wopsereza. Wina akakuuzani kuti amamaliza m'mphindi 10, wapsereza m'mbali mokha, ndipo supuyo iwawa. Pamwamba timaika buledi wogona ndi tchizi cha Gruyère, n'kulowetsa mu uvuni. Buledi wa lero amamwa msuzi n'kumira, tchizi n'kutsatira. Apa tithokozenso amayi a kubekale amene akutipatulira baguette, buledi wautali wachifalansa, wa dzulo. Ufa, madzi, mchere ndi yisiti basi, monga lamulo la ku France la 1993 limanenera za buledi wachikhalidwe, n'chifukwa chake amauma msanga, ndipo kuuma kwakeko ndiye kumatithandiza.

Bœuf bourguignon, nyama ya ng'ombe yophikidwa mu vinyo, tikuphika Lachinayi kuti mudye Lachisanu. Nyama yake ndi ya paphewa kapena pamwendo, yokhala ndi mitsempha, kilo imodzi ndi theka pa botolo limodzi la vinyo wofiira la 750 ml. Imapukutidwa kaye kuti iume, n'kukazingidwa pang'onopang'ono, nthuli zochepa nthawi imodzi. Mukadzaza chiwaya, nyama imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira m'malo mofiira. Ikatero imakhala mu uvuni pa 150°C kwa maola atatu, mitsempha ija n'kusungunuka kulowa mumsuzi. Ikagona m'firiji mafuta amaundana pamwamba, timawachotsa ndi supuni, ndipo kukoma kumakhala kutalowerera. Nyama yofewa yodula ija pano ndi kutaya ndalama, imangouma n'kukhala ngati luzi.

Tchipisi cha steak frites, mbale ya nyama ya ng'ombe ndi tchipisi, timachikazinga kawiri, poyamba pa 150°C kuti chipse m'kati, chikazizira pa 180°C kuti chikhale chokhukhuta kunja. Kwathu pachiwaya timakazinga kamodzi n'kudya pompo, ndipo chimakoma ndithu, koma pano chiyenera kupirira madzi a nyama m'mbale.

Zikomonso kwa eni nyumba amene anatidikira pa lendi, ndi kwa anzathu a malo odyera oyandikana nawo amene anatenga operekera zakudya athu kuti azigwirako maganyu mpaka titatsegula. Onse abwerera.

Matebulo akadali 12 omwe aja, choncho Lachisanu ndi Loweruka muziimbiratu foni. Zakudya za tsikulo, zimene Afalansa amati plat du jour, zalembedwa ndi choko pabolodi la pakhomo, ndipo chimene chatha timachifufuta. Tarte Tatin, ya maapozi ophikidwa m'shuga ndi batala n'kutembenuziridwa m'mbale, timaphika ziwiri zokha patsiku. Mukaifuna, muuzeni woperekera pamene mukuitanitsa supu kuti akusungireni.