Anatichotsera wovalitsa mmodzi, Lachinayi munthu n'kugwa

Mtima wanga sunatsikebe chichitikireni za Lachinayi usiku. Ndimavalitsa ochita zisudzo m'kaholo kena kuno ku New York, ndipo sewero lathu ndi lija lotengera nyimbo za masewero otchuka a ku Broadway, dera la maholo akuluakulu a zisudzo mumzindawu, n'kuziika mawu ena oseketsa. Osewera alipo anayi, palinso woimba piyano mmodzi, koma wosewera aliyense amasanduka anthu ambirimbiri usiku umodzi. Anzanga a ntchito ino mukudziwa tanthauzo lake kuseri kwa siteji: wigi, diresi, nsapato, zonse zisinthidwe nyimbo isanathe.

Kasewero kotere kanatchuka ndi Gerard Alessandrini, wobadwira ku Boston mu 1953, amene anayambitsa sewero la Forbidden Broadway mu 1982 pamalo odyera otchedwa Palsson's Supper Club. Nayenso anayamba ndi anthu ochepa komanso piyano, ndipo akuluakulu athu amakonda kutchula zimenezi akafuna kutiuza kuti ndalama zichepe. Chimene satchula n'chakuti kwa zaka zambiri zovala za seweroli ankazikonza Alvin Colt, katswiri amene anakonzanso zovala za sewero lotchuka la Guys and Dolls. Bambo Alessandrini analandira ulemu wapadera wa Tony, mphotho za zisudzo za ku Broadway, mu 2006 chifukwa ntchito yawo inali yolongosoka mbali zonse. Anthu amayamba kuseka akangoona chovala, woimba asanatsegule n'komwe pakamwa.

Tsono Lachiwiri tikufika, tinauzidwa kuti mnzanga wovalitsa wa mbali ya kumanzere amuimitsa, ndigwire mbali zonse ndekha. Babu la pa kanjira ka kuseri linali litapsa kalekale, tinanena mpaka kutopa. Lachitatu tinapulumuka chifukwa anyamata awiri a m'sewero lathu ankamangana zipi okha.

Lachinayi mtsikana wathu wamng'ono anatuluka kumanzere ine ndili kumanja, ndikumata ndevu za mnzake. Anathamanga mumdima diresi lalitali atalikweza theka, chidendene cha nsapato n'kukola mpendero, ndiye anagwa chafufumimba, bondo n'kumenya m'mphepete mwa bokosi la mawigi. Ndinamva kuphulika kwake ndili uko. Nditafika ndi tochi pakamwa, sokosi inali itang'ambika, magazi akutsikira mu nsapato. Woimba piyano anazindikira kuti china chalakwika, anabwereza chiyambi cha nyimbo osasiya. Mwanayo, misozi ili m'maso, anangondigwira mkono n'kunena kuti ndimuveke wigi basi. Ndinamumanga bondo ndi bandeji ya m'thumba langa, poti m'kabokosi ka mankhwala munali mapulasitala okhaokha. Analowa, anaimba, anthu anaseka mpaka kuwomba m'manja. Sanadziwe kanthu.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri ndi mawu a bwana titaweruka, akuti mwaona, munthu mmodzi akukwanitsa. Kukwanitsa kwake kuti, mwana wa eni akutsimphina?

Masiku otsalawo anali a nthawi zonse: kuchapa, kusita, kupesa mawigi, masewero awiri Loweruka. Babu analisintha Lachisanu. Bondo latupa, ndipo wolowa m'malo mwake palibe, choncho wavina Lamlungu atamwa mankhwala opha ululu. Ine ndi woyang'anira siteji talemba kalata yoti mnzanga abwerere, osewera onse anayi asayina, ndipo tikaipereka Lachiwiri tisanayambe kuvala.