Sabata yolimbana ndi afotokozi ku Valencia

Sabata ino ophunzira anga a PhD amene ndimawaphunzitsa kulemba Chingerezi, ambiri a ku Spain konkuno, ena a ku Colombia ndi Chile, anabweretsa ma abstract awo, zidule zimene zimakhala koyambirira kwa mapepala a kafukufuku. Mkangano wonse unagona pa afotokozi.

Lolemba tinayamba ndi zachizolowezi. M'Chisipanishi mfotokozi kawirikawiri amatsatira dzina ndipo amagwirizana nalo: "resultados importantes". Polemba Chingerezi "s" wosonyeza zambiri uja amabwera naye, n'kulemba "differents methods". Sindidabwa nazo, popeza ifenso timati "njira zosiyanasiyana", dzina patsogolo, mfotokozi pambuyo, zonse zogwirizana. Izi cholembera chofiira chimathana nazo msanga. Wina wa chemistry analembanso kuti chipangizo chake ndi "sensible" pofuna kunena "sensitive", chifukwa kwawo mawuwo amatanthauza chinthu chosachedwa kumva kusintha. Tinaseka, tinakonza.

Ntchito yeniyeni inali Lachitatu. Mnyamata wofufuza za nthaka anaika afotokozi atatu m'chiganizo chimodzi: "novel", "robust" ndi "significant". Ndinamufunsa kuti zokolola zakwera bwanji. Anatsegula laputopu, kundionetsa tebulo la manambala abwinobwino, koma mu abstract munalibe nambala ngakhale imodzi. Ndinamuuza achotse matamandowo, aikemo manambala. Pa "significant" ndiye sindinyengerera. Wasayansi akaona mawuwa amayembekezera kuti panachitika mayeso a statistics, nthawi zambiri p (nambala yoyezera ngati zotsatira zingangobwera mwamwayi) yochepera 0.05, ndipo wowunika pepala akawasowa amalibweza.

Matendawa si a olankhula Chisipanishi okha. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wa akatswiri a ku Netherlands amene anaunika ma abstract a pa PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a zaumoyo. Anapeza kuti okhala ndi mawu odzitama ngati amenewa anachoka pa 2 peresenti cha m'ma 1974 mpaka 1980 kufika pa 17.5 peresenti mu 2014. Ophunzira anga amangotengera zomwe amawerenga tsiku ndi tsiku.

Lachisanu mtsikana wa ku Chile ananditsutsa. Anati owayang'anira pa kafukufuku ndi amene amawauza kuika "novel", poopa kuti mkonzi wa magazini sangaliyang'ane n'komwe pepalalo. Sakunama. Tinagwirizana kuti mawuwo alowe kamodzi kokha, ndipo chiganizo chotsatira chinene chatsopanocho n'chiyani. Atatu analephera kuchinena, ndiye anawafufuta okha.

Sabata yamawa tili ndi mayina ounjikana ngati "soil moisture content", amene iwo amawamasula ndi "of" paliponse potsatira "de" wa kwawo.