Kafyuzi kokha!

Masana ano pa mlatho wa Lilongwe, galimoto zitathithikana, singano ya kutentha ya galimoto yanga inangokwera mpaka pofiira. Nthunzi tolotolo pa boneti. Mnyamata wina anathamangira kuti atsegule chitsekerero cha radieta, ndinachita kumukuwira: "Iwe, usayerekeze, upsa nkhope!"

Itazizira, achimwene anayang'ana. Mapaipi sakudontha, lamba ali bwino, koma fani siikuzungulira. Fyuzi ya faniyo yapsa basi. N'chifukwa chake popita ku Salima sinkavuta, mphepo inkaiziziritsa yokha. Imangotentha ikaima pamzere.

Chikundiwawa n'chakuti mwezi watha makaniko wina anachotsa thermostat (kachipangizo kamene kamatsegulira madzi opita ku radieta injini ikatentha), ati ndiye vuto. Ndinamumvera, ndalama ndinapereka, mpaka ya soda. Mawa ndikukaibwezeretsa, koma osati kwa iyeyo.