Ndowa ya malita 20 ndi hadikava: mmene tinayambira kuyeza mamita a madzi

Bizinesi yathu inabadwa ndi mkwiyo, ndisaname. Mu 2021 ndinali ndi kasaluni kuseri kwa nyumba ya lendi, bambo a kunyumba ali pulambala woyenda ndi chikwama cha masipanala, wodikira kuitanidwa. Mwezi wina bilu ya madzi inabwera yokwera kanayi kuposa masiku onse. Mitu imene ndinatsuka mwezi umenewo ndinkatha kuiwerenga pa zala, moti ngakhale ya lendi inavuta. Ndinapita ku ofesi ya a madzi, n'kuima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, ndipo yankho linali lalifupi: lipirani kaye, madandaulo pambuyo. Ndinabwerako nditatupa ndi ukali.

Madzulo ake bambo ananditengera pa mita, tochi ya foni ili m'manja. Zaka zonsezo ndinkangodutsa pakabokosi kaja ngati pamwala. Anandionetsa kuti manambala akuda ndi mayuniti, ndipo yuniti imodzi ndi malita 1,000, ndiye kuti ndowa 50 za malita 20, kapena migolo isanu ya malita 200. Ofiirawo amawerenga malita osakwana yuniti. Kenaka anati titseke mipopi yonse, ya m'nyumba ndi ya kusaluni yomwe. Tinatseka. Kamuvi kofiira kanali kakuyendabe, pang'onopang'ono ngati nanzikambe. Wakuba uja anali kathanki ka chimbudzi chathu chomwe. Kamphira ka pansi kanali katatha, madzi akutsikira m'chimbudzi usana ndi usiku popanda ndi phokoso lomwe. M'nyumba ya pulambala! Mpaka lero ndikafuna kuwaputa ndimangoti, "Bambo, chimbudzi chili bwanji?"

Koma nawonso a madzi sanali oyera. Titayerekeza nambala ya pa bilu ndi ya pa mita, ya pa bilu inali patsogolo ndi mayuniti angapo. Wowerenga mita sanafike mwezi umenewo, anangolemba zongoganizira. Choncho bilu imodzi inali ndi zolakwa ziwiri, china chathu, china chawo. Ndinabwerera ku ofesi kuja ndi chithunzi cha mita chooneka tsiku, ndipo ulendo uno sanandibweze. Anakonza pa bilu yotsatira, ngakhale popanda mawu oti pepani.

Saluni ndi wayilesi. Nkhaniyi ndinaifotokoza kwa mayi mmodzi ndikumuluka, ndipo sabata isanathe amayi atatu anabwera ndi mabilu awo m'zikwama. Aliyense ankanena mawu amodzimodzi: akutibera. Ndinawauza bambo kuti ganyu imene mukusaka ku depoti yabwera yokha pakhomo. Tinagula hadikava, ndowa yolemba malita, ndi mita imodzi yatsopano yoyesera. Ndi mpamba wonse umenewo. Saluni ndinaisiyira mng'ono wanga patapita chaka.

Ntchito yathu poiona ndi yachibwana, n'chifukwa chake anthu ena amakana kulipira poyamba. Timajambula mita, timatunga ndowa yodzaza bwino ya malita 20, n'kujambulanso. Ngati manambala ofiira ayenda malita 20 kapena pafupi pamenepo, mita ilibe mlandu. Timabwereza kangapo, mpopi wotsegula kwambiri ndi wotsegula pang'ono. M'kathanki ka chimbudzi timathiramo Sobo pang'ono, n'kudikira osagujumula. Mtundu ukaonekera m'munsi, ndiye kuti kamphira kapita. Chinsinsi chake chili pa amene wagwira ndowa. Sitigwira ife ayi, amagwira mwini nyumba.

Izi tinaziphunzira kwa abambo ena opuma pa ntchito ya uphunzitsi, amene anatilandira ndi fayilo ya mabilu a zaka zitatu, atalemba mizere yofiira paliponse. Iwo anali atagamula kale mlandu, ife ankangotifuna kuti tikhale mboni. Bambo atayeza n'kunena kuti mita ili bwino, madala aja anavula magalasi.

"Kodi inunso akulembani ntchito kumeneko eti?"

"Iyayi, aphunzitsi. Tengani ndowayi mutunge nokha, nambala muwerengenso nokha."

Anatunga katatu, thalauza litanyowa mpaka m'mawondo, akulemba pakapepala ngati akuchonga mayeso. Atatha anakhala chete. Kenaka tinawatengera kuseri, kumene thanki yawo ya pamwamba inkasefukira usiku uliwonse chifukwa kampira koyandama kotsekera madzi kanali katathyoka. Madzi kudera kwawo amabwera pakati pa usiku, iwo ali m'tulo, ndipo nthochi za pansi pa thankiyo zinali zobiriwira mu Okotobala. Anaziyang'ana nthochizo nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ndiye ndakhala ndikulipirira nthochi." Anatipatsa phava lathunthu, ndipo makasitomala ambiri a kutchalitchi kwawo anatitumizira ndi iwowo.

Ndikawerenga m'hadikava, nyumba zambiri zimene tayendamo vuto timalipeza mkati mwa mpanda. Anthu sakonda kumva zimenezi, koma ndi zoona. Komabe amene amati a madzi amawalipiritsa mphepo sanama. Madzi akasiya kwa masiku, mapaipi amadzaza mpweya, ndipo akamabwerera amaukankha mpweyawo kudzera pa mita. Mpopi umangotsokomola, m'ndowa mulibe kanthu, koma kamuvi kakuthamanga. Ife timalangiza kutseka kotsekera ka pa mita madzi akasiya, n'kudzatsegula pang'onopang'ono anzanu akayamba kutunga. Palinso nkhani ya mitengo. Yuniti siikhala pa mtengo umodzi: mukadutsa mlingo wina, mayuniti otsatira amakwera. Ndiye pa poloti ya mabanja asanu ndi limodzi odalira mita imodzi, onse amagula madzi pa mtengo wa anthu olemera, chikhalirecho aliyense akusamba theka la ndowa. Apa ndi pamene pamabadwira ndewu za alendi ndi alandilodi, ndipo apa ndi pamene ife timadyera kwenikweni, chifukwa timaika timamita ting'onoting'ono pa khomo lililonse kuti aliyense aone zake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya timamitato ndi mapaipi inalumpha, ndipo tinatha miyezi iwiri tikungodya mpamba. Zinadzabwerera mwakale pang'onopang'ono.

Mamita a prepaid atafika kudera kwathu ndinkaganiza kuti ntchito yatha. Kunali kulota. Amene ankati bilu ndi yabodza anangosintha nyimbo n'kuyamba kunena kuti mayuniti akutha msanga ngati a foni.

Tsopano ndifike pa nkhani imene inandisowetsa tulo. Chakumapeto kwa 2023 makasitomala athu anayamba kulandira mafoni. Woyimbayo amatchula dzina lanu lonse, nambala ya akaunti ya madzi, dera lanu, ndi ngongole yanu mpaka tambala. Kenaka amati galimoto yodula madzi ili kale m'njira, koma mukatumiza theka pa nambala yakutiyakuti ya Airtel Money kapena Mpamba, akuchotsani pa mndandanda. Mayi wina wogulitsa thobwa, wa m'banki m'khonde mwathu, anatumiza ndalama ya sheya ya sabata imeneyo. Si munthu wopusa ayi. Anandifunsa kuti, "Mayi a kwathu, munthu wodziwa ngongole yanga kuposa mwamuna wanga, ndikanamukayikira bwanji?" Ndinasowa chomuyankha.

Mu Febuluwale 2024, pamene Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akamberembere alowerera makompyuta opangira mapasipoti ndipo akufuna dipo, m'dera mwathu nkhani inatha. Anthu anati ngati kumeneko alowako, kuli bwanji ku madzi? Ndipo munthu ukaganiza, zinthu zimene timasiya m'maofesi n'zambiri. Polumikiza madzi umapereka fotokope ya chiphaso cha unzika, nambala ya foni, nambala ya poloti, ena mpaka kalata ya malo. Nambala ya foniyo nayo inalembetsedwa ndi chiphaso chomwecho. Amene wagwira pepala limodzi wakugwira thupi lonse.

Ine mlandu umene ndimawapatsa a madzi ndi wa kukhala chete. Munthu akakadandaula amangouzidwa kuti musamatumize ndalama kwa anthu osawadziwa, basi, ngati kuti funso lake linali limenelo. Funso lake linali lakuti, munthuyu ngongole yanga waidziwa bwanji? Pamene ofesi siyankha, m'minibasi amayankha, ndipo yankho la m'minibasi limakhala loopsa nthawi zonse. Koma ndinenenso zimene ndinaona ndi maso anga. Tsiku lina ndinagula zitumbuwa pamsika, ndipo pepala limene anandikulungira linali bilu ya madzi ya munthu wina, dzina, akaunti ndi ngongole zili poyera, zitangonyowa mafuta. Mabilu amatsomekedwa pa geti, amauluka ndi mphepo, amajambulidwa n'kuponyedwa pa gulu la WhatsApp la anthu 200 ndi mwiniwake yemwe pofuna kudandaula. Wakuba wamasiku ano safunika kuthyola kompyuta nthawi zonse.

Ndinkalankhula zimenezi modzitama, kuiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Foni ya ntchito, imene inali ndi zithunzi za mabilu ndi mamita a anthu onse amene tinawayendera, inalibe ndi pasiwedi yomwe. Mnyamata wathu wantchito anaisiya mu minibasi Lachisanu lina. Lolemba lake makasitomala awiri anaimbiridwa m'dzina la bizinesi yathu, kuwauza kuti tapeza njira yowafufutira ngongole, angotumiza ya sopo. Mmodzi anakayikira n'kubwera kunyumba. Winayo anatumiza.

Usiku umenewo tinakangana. Bambo ankati tingotseketsa nambala mwakachetechete, nkhani ifera yokha. Ine ndinawafunsa kuti ndiye tisiyana pati ndi anthu aja timawanena tsiku ndi tsiku? M'mawa mwake ndinatenga hadikava n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Zinanditengera masiku asanu ndi anayi. Pena ankandipatsa mpando, pena ndinkalankhulira pa geti, galu akuuwa. Amene anaberedwa uja tinamubwezera ndalama yake kuchokera m'thumba mwathu. Landilodi wina wa nyumba zambiri, amene tinkamudalira, anandimvetsera mpaka pamapeto, n'kundithokoza mwaulemu, ndipo sanatiitanenso mpaka lero. Aphunzitsi aja anandikhazika pansi n'kundiuza kuti chaka chomwecho cha 2024 boma lakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu, loyang'aniridwa ndi MACRA, bungwe loona za mafoni ndi mawayilesi, ndipo ndisamaganize kuti nkhani zotere ndi za makampani akuluakulu okha. Ananditsanzika ndi phava lina la nthochi, ngakhale tsopano zinali zowonda.

Kuyambira pamenepo sitijambulanso bilu ya munthu. Timajambula nkhope ya mita yokha, pa foni ya mwiniwake, ndipo chithunzi chimatsala kwa iye. M'hadikava nyumba iliyonse ili ndi nambala yake imene tinaipatsa tokha, mayina ali m'kabuku kena kamene kamagona m'sutikesi yokiya. Ndalama timalandira pamanja kapena pa nambala imodzi yokha imene inalembedwa pa risiti, ndipo aliyense timamuuza kuti ife sitifufuta ngongole, amene angakuimbireni kunena zimenezo ndi mbava. Makasitomala ena amatopa nazo, amati mwachulutsa malamulo ngati banki.

Lero tili anayi: ine, bambo, mnyamata uja, amene sitinamuchotse, ndi mtsikana amene anamaliza maphunziro a zamipopi chaka chatha, yemwe amakwera pa thanki mofulumira kuposa amuna onsewo. Tili ndi njinga yamoto imodzi ya ngongole. Loweruka likubwerali tili ndi poloti ya mabanja asanu ndi atatu kutsidya kwa mtsinje, kumene alendi sakulankhulana ndi landilodi kuyambira Isitala. Anandiimbira dzulo kuti tibwere ndi timamita tisanu ndi titatu. Ndawauza kuti timamitato tibwera nato, koma tiyamba ndi ndowa, ndipo aliyense adzakhalepo.