Zikomo Nonse Amene Munanyamula Chinjoka Chija

Dzulo usiku ana athu anasewera komaliza, ndipo mpaka pano m'makutu mwanga mukumvekabe mmene munkawaombera m'manja. Ndati ndilembe pano kuthokoza aliyense amene anatigwira dzanja kuyambira tsiku lomwe tinagwirizana zotenga filimu ya ana ija, ya kamtsikana ndi chinjoka chouluka, n'kuisandutsa sewero la nyimbo.

Ndinalowa ntchitoyi ndikuganiza kuti tizingotengera zomwe zili mufilimumo. Sizinatheke. Mufilimu mwana akasweka mtima, kamera imasendera kumaso kwake, woonera n'kuona msozi ukutsika, basi wamva zonse. Pa siteji munthu wokhala kumpando wakumbuyo msoziwo sauona. Chisonicho chiyenera kutuluka m'mawu, ndipo n'chifukwa chake pamalo pomwe mufilimu mtsikana ankangoyang'ana kumwamba kamphindi kochepa, ife tinaikapo nyimbo yathunthu. Achimwene amene munapeka nyimbo zathu ndi kutiimbira kiyibodi, zikomo. Nyimbo imeneyo munailemba kanayi, mukutsitsa mawu kuti pakhosi pa mwana wa zaka 11 pasapweteke, ndipo simunanyinyirike ngakhale kamodzi.

Zina tinazichotsa mtima ukutipweteka. Ulendo wa panyanja, womwe filimu imaudumpha m'kuphethira kwa diso, kwa ife unkafuna anthu okoka bwato mumdima. Tinasungako kachigawo kamodzi kokha. Tinavutikanso kupeza podulira nkhani kuti anthu akapume, poti filimu ilibe nthawi yopuma, ndipo mwana ukamutulutsa panja nkhani itazizira sabweranso ndi mtima wonse.

Koma chimene chinatsala pang'ono kutigonjetsa ndi chinjoka. Poyamba tinkafuna kuchiulutsa ndi zingwe zobisika kuti chioneke ngati cha mufilimu. Tsiku lina tikuyeserera chingwe chinaduka, mutu wa chinjoka n'kugwera pafupi kwambiri ndi ana awiri. Palibe anavulala, koma usiku umenewo tulo sindinatione, ndipo m'mawa mwake ndinauza anzanga kuti chinjokacho tichichotse, tizingochitchula pakamwa.

Mayi amene munatisokera zovala, ndinu munandibweza. Munandikumbutsa za The Lion King, filimu ya 1994 yomwe inafika ngati sewero pa Broadway, kumalo otchuka a zisudzo ku New York, mu 1997. Julie Taymor, amene anatsogolera sewerolo, sanabise anthu ake. Zigoba za mikango zimakhala pamwamba pa mitu, nkhope ya wosewera ili poyera, ndipo nyamalikiti ndi munthu woyenda pa ndodo zazitali aliyense akumuona. Anasinthanso zambiri: nyani wotchedwa Rafiki, yemwe mufilimu ndi wamwamuna, pa siteji ndi mzimayi, ndipo nyimbo za kwaya za Lebo M wa ku South Africa zinapatsidwa malo aakulu. Filimu yosakwana ola limodzi ndi theka inakhala sewero la maola awiri ndi theka. Munandifunsa kuti, ngati iwo sanachite manyazi kuonetsa manja a anthu, ife tikubisiranji athu?

Ndiye tinataya zingwe. Anyamata ndi atsikana 6 ananyamula chinjoka pa ndodo, poyerayera, akupuma limodzi kuti nthiti zake zizikwera ndi kutsika. Ana anga inu, mapewa anu ndinawaona mmene anasupukira sabata yoyamba, ndipo palibe mmodzi wa inu amene anapempha kusiya. Usiku woyamba, chinjoka chitatulukira kukhomo lakumbuyo n'kudutsa pakati pa oonerera, ana a pamzere wakutsogolo anawerama kubisa mitu. Miyendo yanu ankaiona bwinobwino, komabe anawerama. Ine ndinali kuseri kwa katani ndikulira. Kunena zoona, chinjoka cha mufilimu n'chokongola kuposa chathu, koma chathu chinkapemerera mphepo kumaso kwa mwana chikamakupiza mapiko.

Kutatsala masiku awiri, mtsikana wathu wamkulu m'sewero mawu anamuthera ndi chimfine. Mwanawe amene unalowa m'malo mwake usiku woyamba, unkanjenjemera mpaka pepala la nyimbo linkagwedera m'manja mwako, koma unaimba mpaka kumapeto. Ndipo iwe amene unadwala, ndinakuona utaima pambali ukumuyendetsera milomo kuti asaiwale mawu. Sindidzaiwala.

Makolo, zikomo potikhulupirira ndi ana anu ngakhale mutamva za chingwe chija, ndiponso podikira panja madzulo ambirimbiri tikachedwa kuweruka. Abambo a magetsi, nyenyezi zija munazipanga ndi nsalu yakuda yobowolabowola ndi nyali imodzi, anthu mpaka anafunsa ngati tinabwereka makina. Ndi inu ovala zakuda amene munkasuntha mitengo ndi bwato mumdima, omwe oonerera sanakuoneni nkhope, landirani kuthokoza kwanga.

Titamaliza dzulo, kamnyamata kena kanakoka mayi ake kubwera kutsogolo kuti kagwire chinjoka. Kanasuzumira m'kati, kanaona ndodo ndi ulusi wolendewera, kenako kanasisita mphuno yake pang'onopang'ono n'kufunsa ngati chatopa. Mmodzi wa onyamula aja anayankha kuti inde, chikufuna kugona. Pano chagona pabalaza panga, mchira uli pakhonde chifukwa sichikukwana, ndipo amene angathe kubwera Loweruka m'mawa adzandithandize kuchimasula.